Rula Yolumidwa Mbali Ziwiri

Uthenga wa maliro a bambo Muhiwa unatipeza Lolemba pa nthawi yopuma, chiperoni chitakuta minda yonse ya tiyi moti ngakhale chumuni cha fakitale sichinkaoneka. Anabwera nawo ndi wakabaza wina wa ku Khonjeni amene sankadziwa n'komwe kuti akunena za yani. Anaima pa khomo la ofesi, mwendo umodzi pansi, n'kunena kuti kwamwalira mdala wina wosamva, uja ankakhala yekha kutsidya kwa njanji, ndipo a mpingo amutuma kuti adzere pa sukulu ya pa esiteti. Ndinamupsera mtima ngakhale analibe mlandu. Munthu amene anagwira dzanja othyola tiyi a kuno, makapitawo ndi makalaliki awo omwe kuti alembe chilembo choyamba, lero angokhala mdala wina wosamva?

Koma wakabazayo sananame. A Muhiwa anali osamva, ndipo kwa zaka zingapo nkhaniyi tinkaidziwa awiri okha, iwo ndi ine, osakambiranapo ngakhale tsiku limodzi. Ankaibisa pa chifukwa chimodzi. Ntchito ya boma anali atapuma kale, ndipo pa sukulu pathu ankangosungidwa teremu ndi teremu, komiti ya makolo ndi a kampani ya tiyi akagwirizana. Tsiku limene zikanadziwika kuti makutu afa likanakhala tsiku lawo lomaliza kuima pamaso pa ana. Tsono kupatula ana a sitandade 1, a Muhiwa analibe wina. Mayi a kunyumba atamwalira, akuchikazi anawasudzula mwaulemu monga mwa mwambo, iwo n'kutsala ndi njinga, wayilesi ndi kamalo kamene anagula ku Khonjeni. Mwana wawo wamwamuna anapita ku Joni n'kumira komweko. Wamkazi anapita nthawi ija matenda ankalowa khomo ndi khomo.

Ine ndinawapeza mu 1994, chaka chimene sukulu inakhala yaulere, ana n'kusefukira kuchokera m'malaini onse, nyumba za antchito a pa esiteti. Ndinali mtsikana wophunzitsidwa uphunzitsi mothamanga, iwo ali oitanidwanso kuchokera ku penshoni. Anatigawira sitandade 1, iwo chipinda chino, ine chinacho. M'kalasi imodzi munali tiana tosadziwa kupukuta mamina, anyamata oyamba kumera ndevu, atsikana obereka ang'ono awo kumsana, ndi ena ambiri amene kwawo ankayankhula Chilomwe chokha. Ine ndinkangofuula mpaka mawu kutha. A Muhiwa ankakonda kunena kuti kalasi ndi munda wa nthochi, mikoko sikhwima tsiku limodzi, ndipo amene amaidula yonse pamodzi ndi wakuba basi. Ndinkaseka, koma ndinayamba kuyang'ana mmene ankachitira.

Sindiwayeretsa chifukwa choti amwalira. Anali munthu wovuta. Choko ankasunga m'chitini cha mkaka, ndipo ukapempha ankakupatsa kachidutswa kongokwana pakati pa zala, n'kukuyang'ana ngati wawatengera mbuzi. Anandikonzapo kalembedwe ka pa bolodi ana akuona, ine n'kukhala mlungu wathunthu osawapatsa moni. Ndi mahedi onse amene anadutsa pano anakanganapo, mmodzimmodzi. Anali a Sabata enieni, Lachisanu dzuwa likapendeka choko pansi, kaya kukubwera alendo a kuboma kaya ayi. Moyo wawo wonse anaukhala pakati pa tiyi, anaphunzitsa ana a tiyi, anadya malipiro a tiyi, koma tiyiyo sanamulawepo. Pa nthawi yopuma ankamwa madzi otentha ofinyiramo ndimu m'kapu yachitsulo yobiriwira. Madziwo ife tinkawatcha tiyi wa angelo. Iwo ankayankha kuti tiyi ndi mnansi wabwino bola osamulowetsa m'nyumba.

Lamulo lawo lalikulu linali la pakamwa. Mwana woyankha funso ankayenera kuimirira, kuchotsa zala ndi kolala ya malaya pakamwa, n'kuwayang'ana iwo kumaso. Nawonso sankayankhula atafulatira ana. Akamalemba ankalemba ali chete, akatha n'kupita kukaima pafupi ndi windo la kum'mawa, pamene kuwala kunkawagwera pankhope, ndiye kuyamba kuyankhula. Poyamba ankachitira ana a Chilomwe aja, kuti aziona mmene milomo ikuumbira mawu achilendo. Palibe anadziwa, ngakhale iwo omwe, kuti lamulo limeneli lidzawasunga pa ntchito makutu akadzatha.

Za makina m'kalasi anaziyamba ndi iwo, ife tisanazilote. Anali ndi wayilesi ya kaseti imene ankaikulunga m'chitenje cha malemu akazi awo. Mabatire ankawayanika pa denga kuti dzuwa liwabwezere kamphamvu. Lachitatu lililonse ankajambula mawu a ana. Mwana wa Chilomwe ankatchula chinthu m'chinenero chake, mnzake n'kuchitchula m'Chichewa, kenako onse n'kumvetsera. Tsiku loyamba ana ena anathawira panja atamva mawu awo akutuluka m'bokosi, ena anagubuduzika ndi phwete. Panali mnyamata wachibwibwi amene sankatha kutchula dzina lake, koma ankaimba bwinobwino, tsono a Muhiwa anamujambula akuimba zilembo, n'kumamuyikira mpaka anakhulupirira kuti mawu osalala amenewo ndi ake. Nyengo ya mvula, tiyi akaphuka, ana ambiri ankajomba kuti akalere makanda amayi awo ali m'munda. Akabwerako ankapeza phunziro likuwadikira m'kaseti, n'kulimvera pa khonde anzawo akusewera.

Kenako chaka china wayilesi ija inasiya kubwera. Anati mabatire akwera. Tinavomereza, poti analidi atakwera. Koma ndinayamba kuona zina. Belu lathu ndi limu ya thirakitala yopachika pa mtengo, ndipo likalira limamveka mpaka ku malaini. Iwo ankapitiriza kuphunzitsa mpaka ataona ana anga akudutsa pa windo. Tsiku lina mphezi inang'amba bulugamu kuseri kwa zimbudzi, ana onse anakuwa n'kubisa mitu, ine ndinathamangira ku chipinda chawo kukaona ngati kuli bwino, ndipo ndinawapeza akumaliza kulemba chilembo pa bolodi, modekha, kenako n'kutembenuka akudabwa kuti anawa agwidwa ndi chiyani. Maso athu anakumana. Kuyambira pamenepo, belu likalira ndinkadutsa pa windo lawo n'kukweza dzanja ngati ndikupereka moni. Iwo ankagwedeza mutu ngati akuyankha moniwo, n'kutulutsa ana. Tinachita zimenezi zaka zingapo.

Anapulumuka nthawi yonseyi chifukwa cha lamulo la pakamwa lija. Mwana aliyense ankawayang'ana poyankha, iwo n'kumawerenga milomo. Pa misonkhano ya aphunzitsi ankakhala moyang'anana ndi ahedi, ndipo akaphonya mawu ankangoyamba mkangano wina, anthu n'kuti ndi khalidwe lawo lakale lija.

Zinasokonekera mu 2008, pamene boma linatumiza mawayilesi opukusa m'masukulu. Yathu inali yabuluu, yosafuna batire, chogwirira pamwamba, chopukusira kumbuyo. M'mawa uliwonse pa wayilesi pankakhala phunziro la sitandade 1. Aphunzitsi a m'wayilesimo ankaimba, kufunsa ana mafunso, kenako n'kuuza mphunzitsi wa m'kalasi chochita, kaya aimiritse ana, kaya alembe chakuti pa bolodi. Akatero ankakhala chete pang'ono kuti zichitike, n'kupitiriza. Ana anaikonda kwambiri. Tonse tinaganiza kuti a Muhiwa avina. M'malo mwake anakalowa mu ofesi ya ahedi, a Chimenya, nkhope itachita mdima.

"Aphunzitsi a Muhiwa, za mawayilesi pano munayambitsa ndinu," anatero ahedi. "Lero mukukana chiyani?"

"Ahedi, yanga ija ndinkaiimitsa mwana akasochera. Iyi muimitsa bwanji? Maso ilibe, milomo ilibe, ingothamanga ngati lole ya masamba."

"Madala, iyi ndi pulogalamu ya boma. Palibe zoti ayi."

"Ndiye bomalo libwere lidzaone Idesi."

Ahedi anali munthu wabwino, sanawakakamize mwachipongwe, koma wayilesi inalowabe m'kalasi. Ine ndinkadziwa kuti galu wamkota sakandira pachabe. Mbali ina ya mawu awo inali choona chokhachokha, mbali ina inali mantha. Wayilesi ilibe milomo yoti munthu n'kuwerenga, ndipo m'kalasi imeneyo osamva anali awiri.

Idesi anali mtsikana wa zaka ngati zisanu ndi zinayi, mwana wa mayi wina wothyola tiyi. Makutu ake ankatuluka mafinya kuyambira ali khanda, mpaka anatsekeka. Sitandade 1 anabwereza, aphunzitsi ena atamulemba kale kuti ndi mbuli. A Muhiwa ndiwo anazindikira kuti mwanayu mutu uli bwino. Anamukhazika kutsogolo, pafupi ndi windo lija, ndipo tsiku lina anabwera atameta ndevu za pamlomo zimene anazisunga chikwatirire. Tinawaseka kuti akufuna mbeta. Iwo anangoti kwatentha. Zoona zake zinali zoti ndevuzo zinkamubisira Idesi milomo. Chaka chisanathe mwanayo anali atayamba kulumikiza zilembo.

Wayilesi itabwera, zonsezi zinagwa. Anzake akaimirira iye ankatsalira pansi, akamaimirira iye anzake akhala kale. Anzake akamaimba iye ankangotsegula pakamwa mongoyerekeza. Ana ndi ana, anayamba kumuseka. Anayamba kujomba tsiku limodzi, kenako awiri, kenako tinamva kuti amakhala m'mphepete mwa munda pansi pa mtengo, kulera mlongo wake wakhanda. Nawo a Muhiwa zinawavuta. Ankawerengeratu buku la malangizo, n'kumayang'ana milomo ya ana akutsogolo kuti adziwe pamene phunziro lafika, komabe ankasochera. Wayilesi inkati lembani, iwo akuimiritsa ana. Ndinaona kuti ahedi ayamba kuchedwa pa khomo la kalasi yawo.

Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Tsiku lina a Muhiwa akupukusa wayilesi ija, anaitsamiritsa pa chibwano kuti isagwedezeke, ndipo mawu anawalowa. Izi anadzandiuza pambuyo pake. Chimene ndinaona ine ndi ichi: masana ena ana ataweruka, ndinasuzumira pa windo n'kuwapeza atagoneka rula yaitali ya pa bolodi pamwamba pa wayilesi, dzanja likuipanikiza, nsonga yake ili m'kamwa, ataluma, maso ali tsinzinire, phazi likugunda pansi motsatira nyimbo. Mdala wa zaka zonsezo ataluma rula ngati mwana. Ndinafuna kuseka, koma misozi ndi imene inabwera, ndipo ndinachoka monyang'ama. Mawu ankadzera m'thabwa, kulowa m'mano, kukafika kumene makutu ankalephera kuwafikitsa.

M'kalasi sakanaluma rula anthu akuona. Ankangotsamira chibwano pa wayilesi ngati munthu wotopa, n'kumatolako pang'onopang'ono. Zikanatha choncho, mwina akanakhala chaka china kapena ziwiri. Koma anapita kumunda kuja kukamutenga Idesi. Anamulowetsa m'kalasi pa nthawi yopuma, anapukusa wayilesi, anamuonetsa ndi manja chochita. Mwanayo analuma rula, anailavula msangamsanga n'kucheuka kuti aone amene wayankhula kumbuyo kwake. Kunalibe munthu. Analumanso, ndipo sanasiye mpaka wayilesi inatha mphamvu. Kuyambira tsiku limenelo, nthawi ya wayilesi ikakwana Idesi ankakhala pa tebulo la aphunzitsi, rula m'kamwa, n'kumaimirira limodzi ndi anzake, nthawi zina kuwatsogolera kumene.

Apa m'pamene a Muhiwa analakwitsa, ndipo ine sindinaganizeko. Tinaiwala kumene tikukhala. Kwathu kuno munthu amamuika kamtengo m'kamwa pa chifukwa chimodzi chokha: akagwa khunyu, poopa kuti angadzilume lilime. Ana anakanena kunyumba kuti Idesi amalumitsidwa mtengo m'kalasi tsiku ndi tsiku. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Mlungu usanathe malaini onse anali atadziwa kuti mwana wa uje ali ndi matenda akugwa, ndipo aphunzitsi amamugwira m'kalasi. Popeza anthu amakhulupirira kuti matendawa amayenda m'malovu, pa mpope anamuletsa kumwera chikho cha anthu, ndipo ana anauzidwa kuti asadye naye chinangwa.

Mayi a Idesi anabwera m'mawa, nthawi ya wayilesi itatsala pang'ono, dengu likadali kumsana, chipepala chotchinga mame chili m'chiuno. Anabwera ndi wapampando wa komiti, amene analinso kapitawo pa esiteti. Ahedi anandiitana kuti pakhale mzimayi wina. Tonse tinaima kutsogolo kwa kalasi, ana akuonerera.

"Aphunzitsi, ine ndine wosauka, inde," anatero mayiwo. "Koma mwana wangayu si wakugwa iyayi. Makutu okha ndi amene anamuvuta. Inu mwamuonjezera nthenda ina pamaso pa anthu. Kumpope akumuthawa. Adzakhala bwanji pamudzi? Ndabwera kudzamutenga, ndipo sabweranso kuno."

A Muhiwa anawayang'anitsitsa milomo mpaka anamaliza. Anayankha m'Chilomwe poyamba, kuwapepesa, kenako anati, "Mayi, mwanayu sagwa. Amamva wayilesi ndi mano."

Wapampando anaseka. "Madala, mano ndi odyera chinangwa. Tiuzeni zina."

"Lumani nokha, mayi, mumve," anatero a Muhiwa, akuwapatsa rula.

"Ndilume ine? Kuti mawa akanene kuti nthendayi ndi ya kumtundu? Iyayi. Idesi, tiye."

Idesi anali akuyang'ana milomo ya aliyense, ndipo anamva zonse. Anayamba kutolera kope lake n'kuliika m'jumbo. A Muhiwa anamuyang'ana, kenako anandiyang'ana ine. Ndinadziwa chimene akufuna kuchita, ndipo ndinapukusa mutu pang'ono kuti asatero. Anandimwetulira ngati mmene ankachitira ndikalakwitsa chilembo pa bolodi.

"Ahedi," anatero, "ine nditembenuka. Mundiitane mmene mumaitanira munthu."

Anafulatira, n'kuyang'ana bolodi. Ahedi anati, "Bambo Muhiwa." Palibe chinachitika. Anabwereza mokwezako, "Bambo Muhiwa, tembenukani." Iwo anangoima, manja kumbuyo, khosi lawo lowonda likuoneka pamwamba pa kolala yotha. Wapampando nayenso anayesa. M'kalasi munali zii, moti tinkamva thirakitala ikulira kutali kumunda. Patapita nthawi anatembenuka okha n'kufunsa ngati aitanidwa kale.

Kenako anapukusa wayilesi. Phunziro linali litayamba. Anati, "Chimene ikunena panopa sindikuchidziwa. Ndikungoona kuti milomo ya ana ikugwedera." Anagoneka rula pa wayilesi, anawerama, analuma. Anamvetsera, anasiya, n'kubwereza mawu onse amene wayilesi inanena, osaphonya. Analumanso, anasiyanso, anabwerezanso. Atachita kachitatu anaweramuka, anapukuta pakamwa ndi mpango.

"Mayi, ngati imeneyi ndi nthenda yakugwa, ndiye tikudwala awiri, ndipo woyamba ndine. Makutu anga anafa kalekale. Kanenani choncho kumpope."

Mayi aja anatsitsa dengu. Anatenga nsonga ina ya rula, anaipukuta ndi chitenje nthawi yaitali, anayang'ana uku ndi uku, n'kuluma. Maso anatong'oka. "Amayo! Akuyankhula m'mutu mwangamu!" Ana anaphulika kuseka, iwonso anaseka, rula ikadali m'mano. Kenako anasiya, anamuyang'ana mwana wawo, anamuchotsera jumbo m'manja n'kuiika pa tebulo. Ananyamula dengu lawo n'kubwerera kumunda, poti linali lisanadzadze. Mlungu umenewo azimayi a ku malaini ankabwera awiriawiri kudzaluma, mpaka a Muhiwa anawadulira nsungwi yawoyawo kuti asathe rula ya sukulu.

Idesi anatsala. Koma ahedi ndi wapampando anakaima pansi pa mtengo wa belu nthawi yaitali, akuyankhula motsitsa. Sindinena kuti anali ankhanza. Ahedi anayesetsa ndithu. Wapampando anati iye sangabise chimene waona ndi maso, ndipo tiana tochuluka chonchija, msewu wa mathirakitala uli pafupi, sangatisiye ndi munthu wosamva mwana akakuwa. Anagwirizana kuti amalize chaka. A Muhiwa, amene anakangana ndi aliyense pa nkhani ya choko, pa iyi sanatsutse ngakhale liwu limodzi.

Milungu yotsalayo ndi imene ndimaikumbukira kwambiri. Poti panalibenso chobisa, anamangirira rula ija chopingasa pa wayilesi ndi mphira ya chubu cha njinga, nsonga imodzi uku, ina uko. Nthawi ikakwana ankakhala moyang'anana, Idesi mbali iyi, iwo mbali iyo, aliyense ataluma kwake. Wayilesi ikakhala chete kudikira mphunzitsi, iwo ankasiya rula, kuimirira, kuchita zimene yanena, kuonjezerapo Chilomwe kwa amene asochera, n'kubwerera msanga kukaluma. Idesi ankawayang'ana pakamwa nthawi yonseyo. Sindinaonepo phunziro la wayilesi loyenda bwino ngati amenewo, ndipo sindinawaonepo a Muhiwa opepukidwa mtima chonchija.

Tsiku lotsekera anamanga katundu wawo pa njinga: mphasa, kapu yobiriwira, katoni ya makaseti. Chitini cha choko anandipatsa ine, chodzadza. Atagwira kale zogwirira za njinga anati, "Mayi, dzanja lija la pa windo, zikomo." Anali mawu oyamba ndi omaliza pa nkhani imeneyo. Anakankha njinga kutsika nayo njira ya pakati pa tiyi, osakwera, ndipo sanacheuke.

Ku Khonjeni ndinapitako kangapo, osati kokwanira, poti ndi kutali ndipo kabaza safuna nkhani koma ndalama. Kanyumba kawo kanali ka zipinda ziwiri, nthochi kumbuyo, khonde loyang'ana njira. Anansi ankawapatsa moni wa dzanja n'kudutsa, chifukwa kucheza ndi munthu wosamva kumafuna kuima n'kumuyang'ana, ndipo anthu ali ndi zochita. Ku tchalitchi ankakhala kutsogolo, koma mlaliki akayamba kuyendayenda ankawatayika. Ulendo womaliza ndinaona mabatire atayanikidwa pa denga. Ndinawapeza pa khonde, wayilesi yakale ya kaseti ija ili pa miyendo, kansungwi kali m'mano. Sanandione mpaka chithunzithunzi changa chinawagwera. Ankamvera makaseti aja, mawu a ana a zaka zakale akutchula zilembo, ena mwa iwo lero ndi makapitawo, ena tinawaika m'manda. Anandiuza kuti amawadziwa onse ndi mawu, ndipo mnyamata wachibwibwi uja akadaimbabe bwino.

Kenako anafunsa funso limene ankafunsa ulendo uliwonse: "Idesi ali pati?"

Ndinawayang'ana kumaso, ndinachotsa dzanja pakamwa, n'kuwauza kuti ali sitandade 2, akuwerenga ndime yathunthu yekha, ndipo kalasiyo ndapempha kuti ndiphunzitse ine. Anagwedeza mutu, n'kufunsa ngati ndimaima pa windo. Ndinati ndimaima. Anati ndisamayankhule mothamanga, chifukwa milomo yanga ndi yaulesi. Mpaka mapeto anali a Muhiwa omwe aja.

Anawapeza ndi mkulu wa mpingo Lachisanu madzulo, atabwera kudzatsegula nawo Sabata. Anali pa mpando wawo pa khonde pomwepo. Maliro anali aang'ono kwa munthu wotere. Mwana wa ku Joni sanabwere, sindikudziwa ngati uthenga unamufika. Ku esiteti inali nthawi yodulira tiyi, ambiri sanaloledwe kuchoka. Koma mayi a Idesi anajomba, ndipo anayenda wapansi ndi mwana wawo mpaka ku Khonjeni. Pa nyimbo ya kumanda Idesi ankayang'ana milomo ya amayi a kwaya n'kumatsatira.

Ndimawasowa. Ndimawasowa belu likalira, dzanja langa likafuna kukwera lokha pa windo la chipinda chimene munalowa mphunzitsi wina, wachinyamata, wamakutu abwino, amene pamalo powala paja anaikapo matsache ndi ndowa.

Rula ija ndinasamuka nayo ku sitandade 2, kumene phunziro la wayilesi linafikanso. Ikadali yomangirira pa wayilesi ndi mphira yomwe ija, ndipo pa bolodi timajambula mizere ndi nsungwi. Nsonga imodzi yadzadza timabowo ting'onoting'ono, tatsopano pamwamba pa takale, thabwa lake lachita kuyera. Nsonga inayo ili ndi mano ochepa, akuluakulu, ozama, ndi mpata pakati pamene dzino linaguluka, ndipo yayamba kuda. M'kalasi mwanga ana amakhala mopanikizana mpaka pa khomo, koma mbali imeneyo ya tebulo sipakhala munthu, ngakhale sindinaletsepo aliyense. Nthawi ya wayilesi ikakwana Idesi amakoka kampando kake, amapukuta nsonga zonse ziwiri ndi diresi, n'kuluma yake. Wayilesi ikakhala chete kudikira mphunzitsi, iye amadzutsa maso n'kuyang'ana kutsidya kwa rula, pamene pankakhala pakamwa paja. Amayang'ana kanthawi, kenako amatembenuka n'kufunafuna panga.